Kujambula ndi kukonza zithunzi za HDR za nyanja ndi mapiri

Aliyense amene anayesapo kujambula dzuwa likutuluka pa nyanja, kaya ku Senga Bay kaya ku Nkhata Bay, amalidziwa vuto ili. Maso akuona mitambo yofiira, madzi akunyezimira, mabwato ali pamchenga, ngakhale maukonde amene ali m'mabwatomo. Mukadina batani, kamera imakupatsani chimodzi mwa ziwiri: thambo lokongola koma mabwato ndi mchenga zili bii, kapena mabwato ooneka bwino koma kumwamba kuli mbee, kopanda mtambo ndi umodzi womwe.

Kamerayo sinawonongeke ayi. Kusiyana kwa malo owala kwambiri ndi malo amdima kwambiri kwaposa zimene sensa, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera, ingatenge pa chithunzi chimodzi. Ojambula amayeza kusiyana kumeneku ndi ma stop. Stop imodzi ndi kuwala kowirikiza kawiri, kapena kochepa ndi theka: kuchoka pa shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala) ya 1/250 ya sekondi kufika pa 1/125 ndi stop imodzi. Kamera yabwino yamakono, ikamajambula RAW (fayilo yosakonzedwa, yosunga zonse zimene sensa yatenga) pa ISO yotsikitsitsa (ISO ndi muyeso wa mmene kamera imakulitsira kuwala kumene yalandira), imatenga ma stop apakati pa 12 ndi 14, koma awiri kapena atatu a kumdima amadzaza noise, timadontho tamitundumitundu tija timaoneka mukawalitsa malo akuda. Diso lilibe vutoli chifukwa limasintha lokha. Mukayang'ana mtambo mwana wa diso amachepa, mukayang'ana bwato amakula, ndipo ubongo umalumikiza zonsezo.

HDR (High Dynamic Range) ndi njira yochitira zomwezo ndi kamera. Mumajambula malo amodzi kangapo, chithunzi china chakuda, china chapakati, china chowala, kenako n'kuziphatikiza pa kompyuta. Nzeruyi ndi yakale. M'zaka za m'ma 1850 Gustave Le Gray wa ku France ankajambula nyanja pa negative imodzi, thambo pa ina, n'kuzisindikiza pa pepala limodzi. Cholinga chake ndi chimene chiyenera kukhala chanunso: kuika pa chithunzi zimene munthu woima pamalopo anaona. Anthu ambiri amadana ndi HDR chifukwa cha zithunzi za mitambo yothimbirira, udzu wobiriwira mopyola muyeso ndi mizere yoyera m'mphepete mwa mapiri. Zimenezo zimabwera chifukwa chopyola muyeso pokonza, ndipo n'zopeweka.

Yambani mwaona ngati ikufunikadi

Malo ambiri safuna HDR. Tsiku la chiperoni ku Thyolo, kapena dzuwa likakhala kumbuyo kwanu, RAW imodzi imakwana. Chokuuzani zoona ndi histogram, girafu yoonetsa kuchuluka kwa malo amdima kumanzere ndi malo owala kumanja, osati sikirini ya kamera imene imanamiza mukakhala padzuwa. Jambulani chithunzi chimodzi, muzichepetsa kuwala mpaka mbali ya kumanja ya histogram itasiya kugunda khoma. Ndiye yang'anani kumanzere. Ngati nakonso sikukugunda, zonse zalowa, ndipo kujambula katatu kungokuwonjezerani ntchito. Ngati kumanzere kwaunjikana n'kukwera khoma, pamenepo ndiye pafunika HDR.

Histogram ya pa kamera imachokera ku JPEG yaing'ono imene kamerayo imadzipangira, osati ku RAW yeniyeni. Mukaika mtundu wa chithunzi pa Neutral kapena Flat, imayandikira kwambiri zimene zili mu RAW.

Malo amene kawirikawiri amafuna HDR ndi pamene dzuwa likutuluka kapena kulowa kutsogolo kwanu, phiri la Mulanje mukaliyang'ana m'mawa muli m'minda ya tiyi dzuwa lili kuseri kwake, ndiponso mathithi a m'nkhalango monga Williams Falls pa phiri la Zomba, pamene madzi oyera awombedwa ndi dzuwa koma miyala ili mumthunzi.

Ntchito yaikulu ili kunja komweko

Zithunzi zonse ziyenera kufanana ndendende kupatula kuwala kokha. Choncho kamera isasunthe. Tripod ndiyo yodalirika, koma ngati mulibe, thumba laling'ono la mchenga kapena la nyemba loikidwa pamwala limagwira ntchito. Pagombe kanikizani miyendo ya tripod mpaka ifike polimba, chifukwa funde lililonse limakokolola mchenga pansi pake ndipo kamera imapendekeka pang'onopang'ono inu osadziwa. Kamera ikakhala pa tripod zimitsani chotetezera kugwedezeka, chimene Canon amachitcha IS, Nikon VR, Sony SteadyShot. Pa malenzi ena akale, chikasiyidwa choyaka chimasuntha chithunzi chokha.

Jambulani RAW. JPEG imakhala itataya kale zambiri za kumdima ndi kowala, ndipo mukaikoka kwambiri thambo limagawika mizeremizere. ISO ikhale yotsikitsitsa, pa makamera ambiri ndi 100. Aperture, kukula kwa bowo lolowera kuwala mu lenzi, ikhale f/8 kapena f/11, pamene malenzi ambiri amatulutsa chithunzi chakuthwa. Mukafika pa f/22 chithunzi chonse chimafewa, komanso fumbi lililonse la pa sensa limaonekera kumwamba. Ikani focus kamodzi, kenako sinthani lenzi ikhale pa manual kuti kamera isafunefunenso pakati pa zithunzizo. White balance, imene imakonza kufunda kapena kuzizira kwa mitundu, muichotse pa Auto, muiike pa Daylight, kuopa kuti chithunzi china chituluka chabuluu china chachikasu. Pomaliza yatsani timer ya masekondi 2 kuti chala chanu chisagwedeze kamera.

Chosintha ndi shutter yokha. Mukasintha aperture, kuya kwa malo akuthwa kumasintha, mwala wapafupi umakhala wakuthwa pa chithunzi china koma wofewa pa china, ndipo palibe pulogalamu imene ingazigwirizanitse bwino. Mukasintha ISO, mumalowetsa noise pa chithunzi chowala chija, chikhalirecho ndicho chiyenera kukupatsani mithunzi yoyera. N'chifukwa chake posankha mode ya kamera muzikhala pa M kapena pa A, imene Canon amalemba Av, pamene aperture mumaisankha nokha, osati pa S, Tv kapena P, pamene kamera imaisintha yokha, ndipo Auto ISO ikhale yozimitsa.

Makamera ambiri ali ndi AEB, imene imajambula yokha zithunzi zosiyana kuwala. Yambirani pa zitatu zotalikirana ma stop awiri: -2, 0 ndi +2. Ngati chapakati chili pa 1/125, chakuda chikhala pa 1/500, chowala pa 1/30. Izi zimakwanira malo ambiri. Dzuwa lenilenilo likalowa m'chithunzi pafunika zisanu: 1/2000, 1/500, 1/125, 1/30 ndi 1/8. Ena amajambula zisanu ndi zinayi zotalikirana stop imodzi, koma pa RAW zimenezo sizipindula kanthu. Zimangodzaza memory card, ndipo pomwe mukumaliza mitambo imakhala itasuntha.

Makamera ena otsika mtengo, monga a Nikon a m'gulu la D3000 mpaka D3500, alibe AEB. Musadandaule nazo. Khalani pa M, muzitembenuza gudumu la shutter ndi dzanja. Pa makamera ambiri kudumpha katatu ndi stop imodzi, ndiye kasanu ndi kamodzi ndi ma stop awiri. Gwirani mofatsa, timer ikhale yoyaka.

Musachoke pamalopo musanaone zithunzi ziwiri za kumapeto. Pa chakuda kwambiri, yatsani chenjezo la malo opserera, lija limaphethiraphethira pa sikirini. Chololedwa kuphethira ndi dzuwa lokha. Mtambo ukaphethira, jambulani china chakuda kuposa pamenepo. Pa chowala kwambiri, mithunzi iyenera kuchoka ku khoma la kumanzere n'kufika cha pa gawo limodzi mwa magawo atatu a histogram. Cholakwika chofala kwambiri ndi ichi: kamera imayeza malo akuda amene adzaza chithunzi, n'kuika chapakati chowala kwambiri, mwakuti ngakhale cha -2 chimakhala ndi mitambo yopserera. Mtambo wopserera pa zithunzi zonse sungabwezedwe ndi pulogalamu iliyonse, umangosanduka banga lotuwa. Mukaona zotere tsitsani gulu lonselo ndi stop imodzi, likhale -3, -1 ndi +1.

Mukamaliza gulu limodzi, jambulani dzanja lanu litaphimba lenzi. Pa kompyuta chithunzi chakudacho chidzakuonetsani pamene gulu lina lathera ndi pamene lina layambira.

Pojambula moyang'anizana ndi dzuwa, lenzi ikhale yopukutidwa bwino ndipo fyuluta ya UV muichotse, chifukwa galasi lililonse lowonjezera limabweretsa mabanga obiriwira ndi ofiira. Akabwerabe, jambulani chithunzi china chowonjezera chala chanu chitaphimba dzuwa. Gawo la pansi la chithunzi chimenecho limakhala lopanda mabanga, ndipo mudzalitenga pophatikiza. Dzuwa musaliyang'ane kudzera pa kagalasi koyang'anira ka DSLR, makamaka ndi lenzi yokoka patali. Gwiritsani ntchito sikirini.

Za nthawi: kuno kwathu, pokhala pafupi ndi equator, dzuwa limatuluka ndi kulowa mofulumira, ndipo likalowa sipatha theka la ola mdima usanagwe. Kuwala kumatha kusintha ndi stop yathunthu m'mphindi zochepa. Fikani kudakali nthawi, musankhiretu poima, ndipo muziyang'ananso histogram pa gulu lililonse.

Zinthu zoyenda

Mdani wamkulu wa HDR ndi chilichonse chosuntha pakati pa chithunzi choyamba ndi chomaliza: mafunde, masamba, bwato lopalasa, munthu wodutsa. Zikaphatikizidwa zimaoneka pawiri kapena patatu, zimene ojambula amazitcha ghosting. M'miyezi ya mwera nyanja imakhala yowinduka ndipo mitengo ya pagombe siima, choncho yembekezerani mphepo ipume kaye musanadine. Ikani kamera pa continuous kuti zitatuzo zithe m'sekondi imodzi. Ngati shutter ya chithunzi chowala yatsika mpaka masamba akufufutika, kwezani ISO ya gulu lonse ifike 400. Noise yochepa imachotseka, koma masamba ofufutika sakonzeka.

Pa madzi pali njira inanso. Ndi fyuluta ya ND, galasi lakuda lochepetsa kuwala kolowa mu lenzi, zithunzi zonse zikakhala za masekondi angapo, mafunde amasalala pa chilichonse ndipo sipakhalanso chosiyana choti chioneke pawiri. Kungoti shutter ya makamera ambiri imathera pa masekondi 30, ndiye muwerengetsere kuti chowala kwambiri chisapitirire pamenepo.

Kuphatikiza

Mu Lightroom Classic, pulogalamu ya Adobe yokonzera zithunzi, sankhani zithunzi za gulu limodzi, pitani ku Photo, kenako Photo Merge, kenako HDR, kapena dinani Ctrl ndi H. Musayambe mwazikonza kuwala, chifukwa pulogalamuyi imatenga RAW momwe ilili. Pa windo lotsegukalo pali zosankha zitatu.

Auto Align ikhale yoyaka, ngakhale munali pa tripod. Auto Settings muizimitse. Imakoka mithunzi ndi mitambo mopyola, ndipo diso likazolowera maonekedwe amenewo kumavuta kubwerera. Deghost Amount ili ndi None, Low, Medium ndi High. Yambirani pa None, mukulitse chithunzi, muone mitengo ndi madzi. Ngati palibe chooneka pawiri, siyani pomwepo. Ngati chilipo, kwerani sitepe imodzi n'kuyatsa Show Deghost Overlay kuti muone malo amene akhudzidwa. Chifukwa chosayambira pa High n'chakuti pamalo aliwonse amene yaona kusuntha, pulogalamu imatenga chithunzi chimodzi chokha. Chikakhala chakuda chija ndipo malowo ali mumthunzi, pamatuluka chigamba cha noise pakati pa malo oyera bwino.

Mukadina Merge mumapeza fayilo yatsopano ya DNG, mtundu wa RAW wa Adobe. Imaoneka ngati chithunzi wamba, mwinanso chosakongola, koma muona kuti slider ya Exposure tsopano ikufika -10 ndi +10 m'malo mwa -5 ndi +5. Kuwala konse munasonkhanitsa kuli m'menemo. Yatsani Remove Chromatic Aberration ndi Enable Profile Corrections musanachite china chilichonse, chifukwa timizere tofiirira ndi tobiriwira ta m'mphepete mwa nthambi timakula mukayamba kukonza.

Kukonza kwenikweni

Fayiloyi ili ndi ma stop mwina 16 kapena kuposa, pamene sikirini wamba ndi pepala zimaonetsa ochepa kwambiri. Ntchito yanu ndi kuwapanikiza kuti akwane popanda kuwononga maonekedwe a kuwala. Lamulo loyenera kulisunga ndi limodzi: chimene chinali chowala kuposa chinzake kunja kuja, chikhalebe chowala kuposa chinzakecho pa chithunzi. Thambo la mbandakucha limawala kuposa mchenga. Mbali ya phiri yowombedwa ndi dzuwa imawala kuposa ya kumthunzi. Chithunzithunzi cha mtambo m'madzi chimakhala chakuderapo kuposa mtambo weniweniwo, chifukwa madzi amabweza gawo chabe la kuwala. Dongosolo limeneli likasokonekera, ngakhale munthu wosadziwa za kujambula amaona kuti china chake sichili bwino.

Musanayambe, tsitsani kuwala kwa sikirini kufike chapakati, ndipo musakhale moyang'anizana ndi windo. Sikirini yowala kwambiri imakupangitsani kutulutsa zithunzi zakuda.

Yambani ndi Exposure, mukuyang'ana chinthu chachikulu cha m'chithunzi, kaya ndi bwato kaya ndi phiri. Thambo liiwaleni kaye. Chinthucho chikafika pa kuwala kumene mukukumbukira, tsitsani Highlights mpaka mitambo ibwerere, kawirikawiri pakati pa -40 ndi -70. Kenako kwezani Shadows pang'onopang'ono, mwina +20 mpaka +50, ndipo muime pamene mwayamba kuzindikira zimene zili mumthunzi. Kuzindikira basi, osati kuona chilichonse mbee. Mthunzi ndi umene umaonetsa kuti mwala ndi wobulungira, kuti chigwa n'chakuya, ndi kumene dzuwa likuchokera. Kuika Highlights pa -100 ndi Shadows pa +100 nthawi imodzi ndiko kumabala chithunzi chosalala chotuwa, chimene zonse zili ndi kuwala kofanana. Kuli ngati kuthira madzi ambiri mu ndiwo: zonse zilimo, koma kukoma kwapita.

Tsopano bwezerani mphamvu ya chithunzi ndi Whites ndi Blacks. Gwirani batani la Alt pokoka Whites, sikirini ida, ndipo kwezani mpaka timadontho toyamba tioneke pa dzuwa kapena pa kunyezimira kwa madzi. Chitaninso chimodzimodzi ndi Blacks, mutsitse mpaka malo ochepa akuya, monga pansi pa bwato kapena m'ming'alu ya miyala, ade ndithu. Chithunzi chopanda malo akuda enieni chimaoneka ngati chili kuseri kwa galasi lafumbi. Pa Tone Curve kokerani pansi pang'ono gawo la kumdima, m'mwamba pang'ono gawo lowala, kuti zapakati zisiyane bwino.

Ngati thambo likadali lowala kwambiri, musapitirize kukoka Highlights ya chithunzi chonse. Tengani mask, chida chosankhira gawo limodzi la chithunzi kuti mukonze pokhapo. Pa nyanja, pamene malire a madzi ndi thambo ndi owongoka, Linear Gradient ndiyo yabwino: iyambire pamwamba, ithere pansi pang'ono pa malirewo, Exposure yake ikhale pakati pa -0.5 ndi -1. Pa phiri la nsongansonga monga Mulanje, gradient imadetsa nsonga ya phiri pamodzi ndi thambo, ndipo phirilo limaoneka lopsa pamwamba. Pamenepo gwiritsani ntchito Select Sky, koma musatsitse kwambiri, chifukwa malire ake ndi akuthwa ndipo mukapyola stop imodzi mzere umaonekera. Njira yofewa ndi kuphatikiza Select Sky ndi Linear Gradient pogwiritsa ntchito Intersect, kuti thambo lide kwambiri pamwamba n'kumawala pofika pafupi ndi phiri, monga limachitira lenileni.

Clarity, Texture ndi Dehaze ndi zimene zimawononga zithunzi zambiri za HDR. Pa chithunzi chonse Clarity isapitirire +15. Ngati miyala ikufuna kuoneka yokhakhala, ipakeni Texture ndi burashi pa miyala pokhapo, osati pa thambo kapena pa madzi. Dehaze imakopa kwambiri m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, pamene utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimaphimba mapiri akutali. Ikapitirira +10 kapena +15, thambo limada mosakhala bwino, mitundu imalusa, ndipo madontho a fumbi la pa sensa amatulukira. Komanso kutuwa kwa mapiri akutali ndiko kumauza diso kuti ali kutali. Mukakuchotsa konse, phiri la makilomita 30 limaoneka ngati lili pamzere umodzi ndi mtengo wa pafupi. Amene akufuna mapiri ooneka bwino ajambule m'dzinja mvula itangokata, pamene mpweya umakhala woyera.

Pa mitundu, HDR imawonjezera kale mphamvu yokha, choncho nthawi zambiri mumafunika kuchepetsa. Saturation isiyeni pa 0. Vibrance ikhale pakati pa +5 ndi +15. Mu Color Mixer yang'anitsitsani mitundu iwiri. Wobiriwira wa tiyi kapena udzu umakonda kulusa mithunzi ikakwezedwa, ndiye tsitsani Saturation ya Green ndi Yellow ndi -10 kapena -15. Wofiira ndi wa olenji wa pafupi ndi dzuwa umatha kudzaza mpaka mitambo kutaya mizere yake, ndiye tsitsani pang'ono Orange. Mithunzi ya m'mawa imakhala yabuluu chifukwa imaunikiridwa ndi thambo osati dzuwa. Ikakwezedwa, buluuyo amaonekera kwambiri. Mufunditseni pang'ono ndi Temp ya mu mask, koma musamuchotse yense, popeza kusiyana kwa kuwala kofunda ndi mthunzi wozizira ndiko kumakometsa chithunzi cha m'mawa.

Mukamaliza, chokanipo kwa mphindi khumi, mubwere mudzachione ndi maso atsopano. Kenako chiyerekezeni ndi chithunzi chapakati chija cha 0. Ngati chatsopanocho chikuoneka ngati chajambulidwa tsiku lina, bwezani ma slider ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Mzere woyera wa m'mphepete mwa phiri

Vutoli limatchedwa halo ndipo likufunika kulimvetsa. Highlights, Shadows ndi Clarity sizisintha pixel iliyonse payokha, zimayang'ananso malo oizungulira. Pamene phiri lakuda lakumana ndi thambo lowala, pulogalamu imafuna kuwalitsa phiri ndi kudetsa thambo nthawi imodzi, koma siidziwa bwino pothera chimodzi ndi poyambira chinzake. Zotsatira zake ndi mkombero wowala kumwamba motsatira phiri, nthawi zina ndi mkombero wakuda mkati mwa phirilo. Halo yaikulu imaoneka bwino mukachepetsa chithunzi kukhala kakang'ono kwambiri, osati mukachikulitsa. Mankhwala ake ndi kubweza Clarity pa 0, kuchepetsa Shadows ndi Highlights, ndi kusamutsira ntchitoyo ku mask yofewa.

Pali halo inanso yopyapyala, ya ma pixel awiri kapena atatu, imene imaoneka mukakulitsa pa 100%. Imeneyo imachokera ku sharpening yochuluka kapena ku malire a Select Sky. Pa Detail tsitsani Radius ifike 0.8, ndipo kokani Masking mutagwira Alt mpaka thambo lonse lide, kusonyeza kuti silikukhudzidwa.

Noise ikaoneka mumithunzi ngakhale munaphatikiza, ndiye kuti chithunzi chanu chowala sichinali chowala mokwanira, kapena Deghost yakwera kwambiri. Malo ozungulira dzuwa akasanduka otuwa, ndiye kuti chakuda sichinali chakuda mokwanira. Pamenepo bwezani Highlights m'mwamba, malowo akhale oyera. Dzuwa loyera limaoneka lachilengedwe, lotuwa ayi.

Kuphatikiza ndi dzanja

Pamene mafunde kapena masamba akanika, ojambula ambiri a malo amasiya kuphatikiza kwa makina n'kuchita okha. Zimafuna zithunzi ziwiri zokha, cha thambo ndi cha pansi. Zikonzeni mu RAW ndi white balance yofanana, ndipo muziyandikizitse: cha thambo chiwalitseni pang'ono, cha pansi chidetseni pang'ono. Zikasiyana kwambiri polumikizira pamaonekera.

Zitseguleni mu Photoshop ngati ma layer, kutanthauza zosanjikizana, chowala pansi, chakuda pamwamba, ndipo dinani Edit kenako Auto-Align Layers. Ikani mask yakuda pa layer ya pamwamba. Tengani burashi yoyera, yaikulu, ya Hardness 0 ndi Opacity ya 20 mpaka 30, muzipaka thambo mobwerezabwereza kuyambira pamwamba. Ngati pali mitengo yolowa kumwamba, burashi yokha siikwanira. Bisani kaye layer ya pamwamba, pitani ku Channels, gwirani Ctrl n'kudina pa RGB. Pulogalamu isankha malo owala a chithunzi cha pansi molingana ndi kuwala kwake. Onetsaninso layer ya pamwamba, dinani pa mask yake, mupake ndi burashi yoyera kusankhako kudakalipo. Utoto ugwira pa thambo la pakati pa masamba n'kusiya masambawo. Ubwino wa njirayi ndi wakuti madzi onse amachokera pa chithunzi chimodzi, choncho palibe funde looneka pawiri. Pulogalamu ina ya GIMP nayo ili ndi ma layer ndi ma mask, ndipo ntchito yomweyi imatheka.

Ngati mulibe ndalama za Adobe, kapena muli ndi foni yokha

Pulogalamu ya darktable ndi yaulere ndipo imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. Sankhani ma RAW anu pa lighttable, dinani create HDR, ndipo ipanga DNG. Koma siigwirizanitsa zithunzi zosuntha, ndiye tripod ndi yofunika ndithu. Pokonza gwiritsani ntchito filmic rgb kapena sigmoid popanikiza kuwala, ndi tone equalizer pokweza mithunzi. Hugin, yaulerenso, imagwirizanitsa zithunzi n'kuziphatikiza ndi enfuse, imene imangotola malo ooneka bwino pa chithunzi chilichonse. Zotuluka zake kawirikawiri zimaoneka zachilengedwe popanda kulimbana nazo kwambiri. Kompyuta ya RAM ya 8 GB imatha kuphatikiza zithunzi zitatu za 24 megapixel, ingochedwa. Tsekani mapulogalamu ena onse kaye.

Mafoni ambiri amakono amachita HDR okha nthawi imene mwadina. Chimene mungawathandize ndi kudina pa sikirini pamalo owala, kutsitsa kuwala pang'ono, ndi kuigwira foniyo molimba kapena kuitsamiritsa pamwala. HDR Scape ya mu Snapseed ndi yosiyana: siiphatikiza zithunzi, imangokoka chimodzi chomwecho, ndipo mtambo wopserera siingaubweze.

Kutulutsa chithunzi

Pa intaneti tulutsani JPEG ya sRGB, mbali yaitali ikhale ma pixel 2048, Quality pakati pa 80 ndi 85. Mukasiya Adobe RGB kapena ProPhoto, mitundu imazilala pa mafoni ndi mapulogalamu ena. WhatsApp imafinya zithunzi, ndipo thambo losalala ndilo limayamba kugawika mizere, choncho potumiza kwa kasitomala kapena kosindikiza, tumizani ngati document. Posindikiza pa pepala tulutsani kukula konse pa 300 ppi, ndipo mukweze Exposure ndi 0.3 kapena kuposerapo pang'ono, chifukwa pepala silitulutsa kuwala ngati sikirini ndipo mithunzi imada. Yesani kaye pa pepala laling'ono musanalipire lalikulu.

Kuyambira m'chaka cha 2023 Lightroom ili ndi batani lina lolembedwa HDR pa gawo la Basic. Limeneli ndi la masikirini atsopano amene amatha kuwala kwambiri pamalo ena, ndipo limatulutsa mafayilo monga AVIF ndi JPEG XL. DNG yanu yophatikiza ndi yoyenera bwino ntchito imeneyo, koma si sikirini iliyonse kapena pulogalamu iliyonse imene imaonetsa mafayilo otere molondola. Ngati mwaligwiritsa ntchito, yatsani Preview for SDR Display muone mmene chithunzicho chionekere kwa amene ali ndi sikirini wamba. Sungani DNG ndi ma RAW onse a gululo m'malo awiri osiyana, kuti mukadzafuna kukonzanso musadzayambire pa JPEG.